Fodya wa pa Mphuno: Woponya Voti m'Nkhani za Chinua Achebe

Nthawi zonse cisankho cikatha, amene alephera amafuna womnenera mlandu, ndipo kawiri-kawiri mlanduwo umagwera munthu wa kumudzi. Amati anthu wamba ndi mbuli, amagulitsa mavoti ao ndi mcere kapena citenje, ndipo munthu wa ndale wa pakamwa pozuna amawakusa ngati nkhosa. Mlandu uwu ndi wolemera, pakuti ngati uli woona ndiye kuti cisankho ndi masewera cabe. Mmodzi wa alembi a m'Afrika amene anauzenga mosamala ndi Chinua Achebe wa ku Nigeria, amene anabadwira ku Ogidi m'caka ca 1930 namwalira m'caka ca 2013. Iye anauzenga kawiri: poyamba m'kankhani kakafupi kochedwa The Voter, ndiye kuti woponya voti, kamene kanasindikizidwa mu 1965, ndipo kaciwiri m'buku lochedwa A Man of the People, ndiye kuti munthu wa anthu, limene linaturuka m'mwezi wa January 1966. Ciweruzo cace sicikondweretsa mbali iriyonse. Woponya voti wa Achebe si citsiru ai. Ndi munthu wodziwa kuwerengera, koma amawerengera zokhazo zimene maso ace aona ndi zimene dzanja lace likhudza. Ndipo munthu wa ndale, amene nchito yace ndi kudziwa mtima wa omsankha, amaumba makhalidwe ace molingana ndi mawerengedwe amenewo.

Kankhani kaja kacitikira m'mudzi wa Umuofia. Mwini nkhani ndi mnyamata wochedwa Rufus Okeke, amene anzace amuitana Roof. Iye anakhala zaka ziwiri ku Port Harcourt kuphunzira kukonza njinga, nabwerera kwao, ndipo anthu amamlemekeza cifukwa sanawataye monga acitira anyamata ena okonda za m'tauni. Tsopano ndiye kapitao wa nchito yokopa anthu kuti asankhenso Marcus Ibe, mwana wa m'mudzi momwemo. Marcus anali mphunzitsi wopanda mbiri pa sukulu ya mishoni, koma m'zaka zisanu zimene wakhala m'Boma wagula magalimoto awiri aatali, wamanga nyumba yoposa zonse za m'dera lao, ndipo waikamo makina ace-ace a magetsi, pamene mudzi wonse ulibe magetsi kapena madzi a m'mipope. Tsiku lotsegulira nyumbayo anapha ng'ombe zisanu ndi mbuzi zosawerengeka, ndipo anthu anadya namtamanda.

Koma phwando litatha anthu anakhala pansi nalingalira. Pa cisankho coyamba anapereka mavoti ao kwaulere, osadziwa kuti kapepala kaja kangasandutse mphunzitsi wosauka kukhala mwini cuma m'zaka zowerengeka. Cotero usiku wina, pamene Roof akomana ndi akuru-akuru asanu m'nyumba ya Ogbuefi Ezenwa naika masiringi awiri patsogolo pa yense, akuruwo sagwira ndaramazo. Sakana Marcus, ndiponso samdzudzula cifukwa ca kulemera kwace. Angonena kuti masiringi awiri acititsa manyazi pocokera kwa munthu wotere, ndi kuti nyengo ya cisankho ndiyo nyengo yokha imene iwo ali ndi kanthu kofunidwa ndi nduna. Anenerera monga acitira anthu pogula mbuzi, kufikira mtengo ukwera pa masiringi anai.

Wowerenga wofulumira adzati akuruwa agulitsa ulemu wao pa mtengo wocepa. Koma ayenera kuyamba wafunsa cimene iwo akadapeza akadakana. Cipani ca Marcus cinalibe mantha a kugonja m'deralo. Mavoti asanu sakadasintha kanthu. Madzi ndi magetsi zinali lonjezo cabe, pamene masiringi anai anali pansi pamaso pao. Akale anati fodya wako ndi uyo ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Akuru a ku Umuofia atsata mwambi womwewo. Coipa ndi cakuti munthu aliyense m'mudzimo awerengera cimodzi-modzi, ndipo nzeru ya munthu mmodzi-mmodzi ikaphatikizidwa isanduka tsoka la mudzi wonse. Marcus waphunzira kuti mpando wace ugulidwa ndi masiringi kamodzi pa zaka zisanu. Nanga angadzivutitsirenji kukoka mipope ya madzi?

Kuwerengera kotereku si kwa ku Umuofia kokha, ndipo akatswiri a za cuma akufufuza kwa nthawi yaitali. M'caka ca 1957 Anthony Downs wa ku America analemba buku lochedwa An Economic Theory of Democracy, m'mene anafanizira cisankho ndi msika. Kwa iye cipani ciri ngati wamalonda woika m'sitolo katundu amene ogula amfuna: colinga ndi kupeza mavoti, ndipo mfundo za cipani ndi katundu wopezera mavotiwo. Anaonanso kuti munthu wamba sataya nthawi kufufuza za Boma, osati cifukwa ca ulesi, koma cifukwa adziwa kuti voti yace ndi imodzi pakati pa zikwi zambiri, ndipo phindu la kufufuzako silifika pa thukuta lace. Zitapita zaka 50, mu 2007, Bryan Caplan anatsutsa mbali ina ya ciphunzitsoci m'buku lochedwa The Myth of the Rational Voter. Iye anati wosankha sali wosadziwa cabe, koma amakonda kukhulupirira zokoma m'makutu, popeza kulakwa kwace pa voti sikumpweteka iye mwini msanga monga kumpwetekera akagula njinga yothyoka. Achebe sanalembe ngati katswiri wa za cuma, koma anthu a m'nkhani zace ayenda pakati pa ziphunzitso ziwirizi. Iwo aonetsa kuti munthu mmodzi yemweyo angakhale wocenjera kwambiri pa nkhani ya pafupi, nakhala wosavuta kunyenga pa nkhani ya patali.

Buku la A Man of the People litambasula mfundo imeneyi. Dziko lace silichulidwa dzina, ngakhale owerenga anazindikiramo Nigeria. Wosimba nkhani ndi Odili Samalu, mphunzitsi wacinyamata wocokera ku yunivesite, ndipo wolimbana naye ndi Mfumu Nanga, amene kale anamphunzitsa ku sukulu, tsopano ndi nduna ya Boma. Nanga ndi munthu wokoma kuceza naye. Akumbukira nkhope ya mwana wa sukulu zitapita zaka zambiri, abvina pamodzi ndi obvina, nawamata ndarama pa mphumi. Achebe sanamjambule ngati cirombo, ndipo anacita bwino, pakuti akadatero wowerenga sakadamvetsa cifukwa cace anthu amkonda. M'bukuli muli zocitika zitatu zimene ziyenera kuikidwa pamodzi.

Coyamba ndi nkhani ya khofi. Cisankho ciri pafupi, ndipo mtengo wa khofi wagwa pa misika ya kunja. Nduna ya za Cuma, Dr Makinde, munthu wophunzira kwambiri za ndarama, apempha kuti mtengo wolipira alimi utsitsidwe. Nduna Yaikuru ikana, pakuti alimi a khofi ndiwo msana wa cipani cace. M'malo mwace ilamula banki ya Boma kusindikiza mapaundi 15 miliyoni, nicotsa nchito Makinde ndi nduna zina zomgwirizana, niuza dziko kuti iwo ndi akapirikoni ogwirizana ndi alendo. Manyuzi abvomereza, khamu lipfuula, ndipo m'Nyumba ya Malamulo wopfuula koposa onse ndi Nanga, amene pa nthawiyo analibe udindo. Mphotho yace ndi umodzi wa mipando yosiyidwayo. Izi ndizo ndale zokometsera khamu: mtsogoleri apereka cokoma ca lero, abisa ngongole ya mawa, napeza mdani womloza cala, makamaka munthu wophunzira. Mlimi aona mtengo wa thumba lace la khofi, koma saona makina osindikiza ndarama. Ndipo mitengo ya m'sitolo ikadzakwera pambuyo pace, palibe adzamuuza kuti ziwirizi ndi mai ndi mwana.

Caciwiri ndi nkhani ya mipope. Odili ataima kupikisana ndi Nanga, anthu a kwao ku Urua amlandira, osati cifukwa anyansidwa ndi ziphuphu, koma cifukwa aganiza kuti yafika nthawi yoti mwana wa mudzi wao nayenso akadye. Posacedwa magalimoto a Boma afika nanyamula mipope imene inaunjikidwa kale kuti idzabweretse madzi m'mudzimo. Mudzi usonkhana, ulengeza kuti aliyense asankhe Nanga, ndipo mipope iyamba kubwerera. Odili mwini sawapeza cifukwa anthu a kwao. Iwo ayesa madzi pa mbali imodzi ndi mnyamata wopanda mphamvu pa mbali inzace, nasankha madzi. Apa munthu wa ndale sanamize aliyense. Wangosandutsa katundu wa Boma kukhala cikoti ndi nyambo, podziwa kuti anthu aona bwino lomwe.

Cacitatu ndico mtima wa buku lonse. M'mudzi wa Anata muli mwini sitolo dzina lace Josiah. Iye aitana Azoge, wakhungu wopempha-pempha, nampatsa cakudya ndi mowa, ndipo alikudya amsinthira ndodo yace, kuti akapangire mankhwala ocititsa ogula kugula ngati akhungu. Nkhani itamveka, mudzi wonse uleka kulowa m'sitolomo, popanda mfumu kulamula kapena wapolisi kubwera, ndipo m'masiku owerengeka malonda a Josiah agwa. Anthu omwewa, amene aseka akamva kuti nduna yameza cuma ca dziko, alanga wakuba ndodo imodzi mopanda cifundo. Kusiyana kwace Odili akuzindikira pa mapeto: mudzi uli ndi mwini wace, amene aona pobedwa nalanga, koma dziko latsopano, limene malire ace anajambula ndi atsamunda ndipo cuma cace cinali kuyesedwa ca azungu, silinapeze mwini. Cotero cilema ca woponya voti siciri m'mutu mwace, koma ciri pa kufupika kwa mtunda umene maso ace afika. Pamene aona kuba ndi kudziwa kuti cobedwaco ndi cace, ndiponso pamene adziwa kuti anansi ace adzaima naye, cilango cace ndi coopsa.

Pali ngozi imodzi powerenga bukuli, ndiyo kuyesa mau a Odili ngati mau a Achebe. Odili anyoza anthu wamba kawiri-kawiri, nawanena kuti ndi ouma mtima ndi okonda mimba. Koma iye mwini analowa ndale cifukwa Nanga anamlanda bwenzi lace Elsie, ndipo pofuna kubwezera anayamba kufunsira Edna, namwali amene Nanga anali kukonzekera kumkwatira. Anakana mapaundi 250 amene Nanga anampatsa kuti aleke kupikisana naye, koma mnzace Max, mtsogoleri wa cipani cao, analandira mapaundi 1,000 kwa Mfumu Koko nati adzapikisanabe. Achebe waika zimenezi dala, kuti wowerenga aone kuti ophunzira onyoza khamu nawonso ali ndi fodya wao wa pa mphuno. Ili ndi luso lalikuru, pakuti wosimba nkhani adziulula yekha osadziwa.

Koma bukuli liri ndi pofooka pace. Litatha kuzenga mlandu wa woponya voti, silimlola kuyankha. Odili amenyedwa pa msonkhano wa Nanga nagona m'cipatala, mapepala ace oimira safika, ndipo Nanga apambana wopanda wopikisana naye. Max aphedwa ndi galimoto la anthu a Koko pamene afufuza za kuba mavoti. Potsiriza asilikari alanda Boma. Anthu ambiri anatama Achebe ngati mlosi, popeza pa 15 January 1966, m'mwezi womwewo umene bukuli linaturuka, asilikari a ku Nigeria anagwetsadi Boma, ndipo Nduna Yaikuru Abubakar Tafawa Balewa anaphedwa. Kulosako ndi kodabwitsa, koma m'nkhani mapeto otere adula mfundo ndi mpeni m'malo moimasula. Wowerenga atseka buku osadziwa cimene anthu a ku Anata ndi ku Urua akadacita akadalowa m'kacipinda ka voti ali okha. Ndipo mbiri inaonetsa kuti mfuti siipatsa dziko mwini: m'mwezi wa July 1966 asilikari ena analandanso Boma, ndipo kuyambira 1967 kufikira 1970 Nigeria inali pa nkhondo ya pa ciweni-weni.

Pa cifukwa ici kankhani ka The Voter, ngakhale kali kakafupi, kafika patali koposa, pakuti kalowa m'kacipinda komweko. Usiku woyandikira cisankho, kapitao wa cipani cotsutsa afika kwa Roof, naika mapaundi asanu patsogolo pace, nati afuna voti yace yokha. Roof alandira. Pomwepo mlendoyo aturutsa cithumwa coopsa cochedwa iyi, cocokera ku Mbanta, namlumbiritsa kuti adzasankha Maduka. Apa Achebe waona cinthu cimene ambiri saciona. Wogula voti ali ndi bvuto lalikuru: alipira lero, koma katundu aperekedwa mobisika, kumene iye sangaone. Ndarama yokha siingamange munthu. Cifukwa cace afuna lumbiro, kapena mantha, kapena bodza lakuti Boma lidziwa mmene munthu aliyense waponyera. Tsiku la cisankho Roof aima pakati pa bokosi la cithunzi ca galimoto, la Marcus, ndi bokosi la cithunzi ca mutu wa munthu, la Maduka. Aopa cithumwa, ndiponso safuna kupereka mbuye wace. Ang'amba kapepala pakati, naponya theka uku ndi theka uko, naturuka monyadira. Ayesa kuti wacenjera, koma mapanga awiri abvumbwitsa: munthu wodziwa ndale koposa onse m'mudzimo ndiye amene wataya voti yace.

Mutu umene Achebe sanalembe unalembedwa ndi anthu a m'Zambia, ndipo wowerenga wa kuno angayese mabukuwa ndi mbiri ya kwao. Nkhani ya khofi iri ndi mbale wace m'nkhani ya ufa. Kwa zaka zambiri Boma la Kenneth Kaunda linali kulipirira mbali ya mtengo wa ufa wa cimanga kuti anthu a m'matauni agule mochipa, ngakhale mtengo wa mkuwa unagwa ndipo ngongole zinali kukula. M'mwezi wa December 1986 thandizo linacotsedwa pa ufa woyera, mtengo wace unakwera koposa kawiri, ndipo m'matauni a ku Migodi munabuka zipolowe m'mene anthu 15 anafa. Kaunda anabweza mtengo wakale, natenga zigayo zazikuru kukhala za Boma, ndipo mu May 1987 analeka pangano lace ndi bungwe la IMF. Dziko linali la cipani cimodzi, komabe mtsogoleri anagonjera cimene anthu aona pa mbale yao. Mu June 1990 mtengo unakweranso ndipo ku Lusaka kunabuka zipolowe zina. Koma mapeto ace sanafanane ndi a m'buku: kuyesa kwa msilikari wina kulanda Boma kunalephera m'maola ocepa, ndipo pa 31 October 1991 anthu anasintha Boma ndi kapepala. Frederick Chiluba anapeza mavoti pafupi-fupi atatu mwa anai alionse, ndipo cipani ca MMD cinatenga mipando 125 mwa 150.

Bvuto la Roof nalonso linapeza yankho. Pa cisankho ca 2011 cipani ca PF ca Michael Sata cinafalitsa mau akuti Donchi kubeba, ndiye kuti musawauze: landirani citenje, landirani ndarama, koma m'kacipinda sankhani za kumtima kwanu. Uku kunali kuphunzitsa woponya voti kuti cinsinsi ca bokosi cimmasula ku ngongole ya wogula, ndipo Rupiah Banda anagonja. Koma pano mfundo ya Downs ibweranso. Voti ikaleka kugulika imodzi-imodzi ndi mphatso, munthu wa ndale aigula yocuruka ndi lonjezo. Ndipo cipani comweco cinalonjeza misonkho yocepa, nchito zambiri ndi ndarama zambiri m'thumba, ndi kuti kusintha kudzaoneka m'masiku 90. Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira ciwongola-dzanja pa ngongole yace ina ya kunja, ndipo mu August 2021 oponya voti anacotsa PF monga anacotsera UNIP ndi MMD. Katatu m'zaka 30 anthu anacita kwa Boma cimene Anata anacita kwa Josiah. Izi zitsutsa kutaya mtima kwa Odili, koma sizitsutsa Achebe, pakuti nthawi zonse cilango cinafika pamene bvuto linali litalowa kale m'nyumba. Wosankha alanga bwino zimene zampweteka. Cimene cimbvutabe ndi kuyesa lonjezo lisanampweteke.

Cotero phindu la nkhani ziwirizi liri pa kuonetsa kuti munthu wa ndale ndi cithunzi-thunzi ca mawerengedwe a omsankha. Kumene anthu awerengera masiringi anai, adzabwera ndi masiringi. Kumene awerengera mtengo wa lero wokha, adzasindikiza ndarama kapena kukongola. Kumene afunsa kuti lonjezo lidzalipiridwa ndi yani, adzakakamizidwa kubwera ndi yankho. Sikwangozi kuti Marcus, Nanga ndi Odili onse anali aphunzitsi, ndi kuti Roof anali mnyamata woona tauni amene mudzi unamkhulupirira. M'mudzi uliwonse alipo munthu wotere, wodziwa kuwerenga nyuzi ndi kumasulira za pa wailesi, amene akuru amfunsa tanthauzo la ngongole ya dziko kapena la mfundo za cipani. Iye angathe kuonetsa anansi ace kuti ndarama za Boma ndi msonkho wao, ndi kuti wozimeza sasiyana ndi wakuba ndodo ya Azoge. Roof anali ndi mwai umenewo, ndipo anaugwiritsa nchito kunyamula thumba la masiringi usiku. Amene atsiriza sukulu nabwerera kwao adzapeza mpando wa Roof ulikumdikira, ndipo mabuku a Achebe amuonetsa pasadakhale mtengo wace wa kuukhala molakwa.